Ameni wa pa Nyamapanda

Ine pakamwa panga sipasunga kanthu. Kafunseni aliyense ku Block 9, akakuuzani kuti Nachisale telala uja ukamunong'oneza nkhani m'mawa, pofika masana yamveka mpaka ku Gaborone West. Ndiye mpaka lero ndimadabwa kuti katundu ameneyu anagwera bwanji ine. Koma nanga akanatuma yani? Amene anali kumudzi sabata imeneyo ndinali ine.

Chinali chaka chija ndalama za ku Zimbabwe ankazinyamulira m'majumbo. Ndinali nditapita ku Malawi kukaoda zitenje, ndipo foni inandipeza Lachiwiri m'mawa ku Limbe, ndili mkati monenerera mtengo. Anali atcheya a gulu lathu la maliro, la ife Amalawi okhala ku Gaborone.

"Nachisale, takhalani pansi kaye."

"Ndikhale pati mumsika muno? Nenani, mayunitsi akuthani."

"ABanda atisiya. Bambo a Tiyanjane, omanga nyumba ku Mokolodi aja. Agwa kuchokera padenga dzulo Lolemba, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti zitatha kale."

Ndinakhaladi pansi, pa belo la zitenje la wogulitsayo. ABanda anali aneba anga, munthu wofatsa amene anandikonzera sitepe ya pakhomo osandilipiritsa.

Atcheya anapitiriza. "Thupi sitikwanitsa kulibweretsa kumudzi. Tamvana ndi amalume awo kuti tiika konkuno Loweruka m'mawa. Koma mkazi wawo ayenera kuona nkhope, ndipo pabanja ponsepo pasipoti ali nayo ndi yekhayo. Mukamutenge ku Ntcheu. Tsono Nachisale, pakamwa panupo! Mayi uja ali ndi bipi. Mukangonena kuti bambo avulala, ali m'chipatala, akumufuna."

Kwathu timatero. Uthenga wa maliro sitigenda nawo munthu, makamaka akakhala ndi ulendo wautali patsogolo. Timati matenda akula, bwerani, munthu n'kuyenda ndi miyendo yake mpaka pamene pali manja oti amugwire. Mwambo umenewu ndinkauyamikira kwambiri. Ndinali ndisanakhalepo mbali ya wonyamula bodzalo.

Nangozo, mkazi wa aBanda, ndinamupeza akupeta nyemba pakhonde. Amalume aja anali pomwepo pansi pa mtengo wa pichesi, maso ali pa zala zakumapazi. Ndinanena monga anandiuzira atcheya.

"Akulankhula?" anafunsa Nangozo.

"Ayi, sakulankhula."

Limeneli silinali bodza, koma linandiwawa kuposa bodza.

Sanalire. Analowa m'nyumba n'kuyamba kulongedza: ufa woyera pang'ono, nsinjiro, kaphukusi ka usipa, chifukwa akuti wodwala chakudya cha eni dziko sichimupita. Anatenganso kanthu kena kokulunga m'nyuzipepala kamene sindinakaone bwino. Ana anawasiya kwa mchemwali wake, ndipo dzuwa likupendeka tinali mu minibasi yobwerera ku Blantyre.

Basi ya ku Harare inati inyamuka pa Wenela mbandakucha wa Lachitatu. Mbandakucha wake uti! Dzuwa linatuluka, linakwera, anyamata akadali padenga kumangirira matumba a mpunga, kondakitala akulumbira kuti tatsala pang'ono. Itagwedezeka pomaliza, Nangozo anaweramitsa mutu n'kuyamba kupemphera chapansipansi. Mawu amene ndinkamva anali amodzimodzi: "Musungeni, Ambuye. Ndikamupeze."

Tsidya lina la kanjira ka m'basi kunakhala anthu awiri amene sankadziwana. Wakuwindo anali nkhalamba ya chipewa, aGama, mkulu wa mpingo amene anagwira ntchito ya njanji ku Bulawayo moyo wake wonse, ndipo ankabwerera kumeneko kwa ana ake. Winayo anali mnyamata wa tayi yofiira, mlaliki Dalitso, wopita ku msonkhano wa chitsitsimutso ku Harare. Mnyamatayu ndiye anamva pemphero la Nangozo, n'kufunsa chimene chavuta. Nangozo anamuuza zonse.

"Mayi, musade nkhawa," anatero mlaliki, mokweza kuti basi yonse imve. "Pemphero limatembenuza dzanja la Mulungu. M'malemba muli mfumu ina imene inauzidwa kuti ikonze za pakhomo pake chifukwa ikufa. Inayang'ana kukhoma n'kulira. Wobweretsa uthengayo asanatuluke n'komwe pampanda, Mulungu anasintha maganizo, n'kuiwonjezera zaka!"

"Sanasinthe."

Anali aGama, maso ali pawindo.

"Mwati chiyani, madala?"

"Ndati sanasinthe. Mulungu si ine ndi iwe, woti lero wanena ichi, mawa wagwidwa chisoni wanena china. Zaka zowonjezerazo anazidziwa kalekale. Misozi ya mfumuyo anaidziwanso isanagwe. Palibe chimene chinamudzidzimutsa."

"Ndiye tizipemphereranji, ngati zonse anamaliza kale?"

"Mwana amauza bambo ake kuti njala, ngakhale bambowo akuona okha kuti mbale ilibe kanthu."

"Eya, ndipo bambowo amadzuka n'kukagula chimanga! Kumeneko ndiye kusintha!"

"Tamvera, mwana wanga. Ngati kulira kwanga kungamutembenuze lero, mawa kubwera wina wolira kuposa ine n'kumutembenuzanso. Ndiye nkhalamba ngati ine nditsamira pati?"

Basi yonse inalowerera. Mayi wina wonyamula mabeseni anati madalawo akuphunzitsa anthu ulesi wa kupemphera. Bambo wina kumbuyo anati alaliki a masiku ano amalamula Mulungu ngati wantchito wawo. Pa Mwanza anakanganirana pamzere wodinditsa mapasipoti, pa Zobue anapitiriza, ndipo msilikali wa ku Mozambique atalowa kudzationa awiriwo anasiya kaye, iye atangotsika n'kuyambiranso pomwe analekezera.

Ku Tete kunali kotentha moti thukuta linkalowa m'maso. Tinaima nthawi yaitali kudikira kuti malole awoloke mlatho wa Zambezi, ana ogulitsa madzi akugogoda mawindo. Nangozo anamasula mpango wa buledi ndi mazira owiritsa n'kundipatsa. Ndinati m'mimba simuli bwino.

"Achemwali," anandifunsa, "inu mukuona kuti wolondola ndani pa awiriwa?"

"Aaa, za azibambo izo. Ine ndine telala, ndimadziwa za ulusi."

"Ine ndikuti mnyamatayu," anatero. "Mulungu ndi kholo. Kholo limamva."

Ndinayang'ana kumadzi. Ndinkadziwa chimene iye sankadziwa.

Pa Nyamapanda, polowa m'Zimbabwe, anatitsitsa tonse ndi katundu yense. Matumba aja anyamata anavutika nawo pa Wenela anawamasula limodzilimodzi, ndipo wofufuza katunduyo atangoyamba anapita kukadya. Tinakhala pansi pa kamtengo kopanda mthunzi weniweni. Apo ndi pamene Nangozo anandigwira dzanja.

"Achemwali, tipemphere. Muyambe ndinu. Inu mumakhala nawo pafupi bambo a Tiya, mukudziwa mmene alili."

Mayo ine! Munthu ndingamunamize, ndanamizapo makasitomala ambiri kuti diresi yatsala mabatani okha ndisanadule n'komwe nsalu. Koma Mulungu ndimunamiza bwanji? Nditseke maso n'kunena kuti achizeni aBanda, Iye akudziwa, inenso ndikudziwa kuti aBanda ali kumotchale kuyambira Lolemba? Mlaliki uja anali atayandikira kale, aGama atavula chipewa, mayi wa mabeseni atagwada. Pothawira panalibe.

Ndinati, "Ambuye, Inu mukudziwa kumene aBanda agona. Mukudziwa mmene alili, palibe chobisika kwa Inu. Ife tili panjira, sitingachite kanthu. Mugwireni mkazi wawoyu, musamusiye. Kumbukirani ana atsala ku Ntcheu. Tifikitseni. Ameni."

Dzanja la Nangozo linali m'dzanja langa, ndipo ndinamva likuuma. Anadikira ngati kuti pali mawu ena amene ndiwonjezere. Kenaka anati, motsitsa kwambiri, "Ameni."

"Mayi, pemphero lanu lilibe mano!" anatero mlaliki. "Mulungu timamuuza chimene tikufuna!" Anakweza manja n'kuyamba. Analamula mafupa kuti alumikizane, analamula magazi kuti ayende, anadzudzula mzimu wa imfa mpaka ofufuza katundu anatembenuka kutiyang'ana. "Ndikuwaona bambowa akudzuka! Ndikuwaona akupempha phala!"

Mumtima ndinkati, mwana iwe, ukanadziwa. Ndinafuna kumukoka tayi yofiirayo. Koma Nangozo ankayankha ameni pa mawu aliwonse, misozi ikutsika, ndiye ndinangoluma mlomo.

Ndisamunenere zoipa zokhazokha mnyamatayu. Titafika ku Harare mochedwa, ndiye anatinyamulira zikwama, natipezera pabenchi pogona, n'kugawira Nangozo madzi ake omaliza. Potsanzika anamuuza kuti akagwire chikhulupiriro, asachitaye. Ankakhulupiriradi zimene ankanena, ndipo chimenecho ndiye chinandipweteka kwambiri.

Lachinayi tinakwera basi ya ku Bulawayo, ife awiri ndi aGama. Ndalama yolipirira tinasintha kwa anyamata a pamsewu, mpukutu woti sunakwane m'kachikwama, koma wongokwanira mipando iwiri ndi nthochi zochepa. M'masitolo a m'njira munalibe kanthu, mashelefu okhaokha. Titapitirira Gweru basi inayamba kutsokomola, kenaka zii, dizilo watha. Kondakitala anatsika ndi zigubu ziwiri, anaimitsa lole n'kupita, osanena kuti abwera liti.

Anthu anamwazikana m'mbali mwa msewu. Nangozo sanadye kanthu chichokereni pa Nyamapanda, anati akusala. Analowa patchire pang'ono, anayala chitenje n'kugwada, ndipo tinkamuona msana wokha ukugwedezeka. AGama anabwera n'kukhala pamwala pafupi ndi ine. Anatenga nthawi akupukuta magalasi awo.

"Mayi, anamwalira liti?"

"Ndani wakuuzani?"

"Palibe. Inenso ndaperekezapo anthu otere. Woperekeza sadya."

"Lolemba," ndinatero, ndipo kutulutsa liwu limenelo kunali ngati kutula mtolo wa nkhuni. Kenaka mkwiyo unandikwera, sindikudziwa kuti unachokera kuti. "Tandiuzani inuyo, bambo, poti mumamudziwa bwino Mulungu wosasinthayo. Mapemphero a mayi uyu akupita kuti? Akumumva akupempha chinthu chimene chinatsekedwa kale Lolemba. Akumuona akusala, bipi ili apo. Iye wodziwa zonse wangokhala chete?"

"Monga inunso mwakhalira chete. Ndipo simunamusiye, muli naye pampando umodzi."

"Ayi, bambo, musandinyengerere. Ine ndakhala chete chifukwa ndilibe mphamvu. Ndikanakhala nazo, aBanda bwenzi akudya phala lija. Iye mphamvu ali nazo."

Nkhalamba ija inayang'ana kumene kunagwada Nangozo. Ndinkayembekeza vesi, chifukwa dzulo lake mavesi ankatuluka ngati akuwatola pansi. Silinabwere.

"Pamenepo ndilibe yankho, mayi," anatero. "Ndakangana nkhani imeneyi zaka zambiri, ndi abusa, ndi anzanga a kunjanji, ngakhale pamanda a mkazi wanga. Ndikuimabe pomwepo, sasintha. Koma lero lokha ndikanakonda mnyamata wa tayi uja akanakhala wolondola."

Kuyambira pamenepo sanatchulenso za mtsutso uja. Dizilo atabwera dzuwa litapendeka, Nangozo anakwera maso ali ofiira n'kuwafunsa aGama ngati akadali pa mawu awo aja. Iwo anangoti, "Pempherani, mwana wanga. Akumva." Ku Bulawayo anatitengera kwa mwana wawo wamkazi kuti tigone, ndipo m'mawa anatiperekeza okha kokwerera basi, chipewa chili m'manja.

Lachisanu tinadutsa Plumtree n'kufika pa Ramokgwebana, chipata cholowera m'Botswana. Amene sanayendeko sadziwa kuti Batswana ng'ombe zawo amaziteteza kuposa china chilichonse. Poopa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, aliyense amatsika n'kuponda pa chiguduli chonyowa ndi mankhwala. Si nsapato zimene wavala zokha ayi, ngakhale za m'chikwama umazitulutsa n'kuzipondetsa.

"Dumela, mma," mayi wa yunifolomu anapereka moni wa Chitswana kwa Nangozo, n'kulankhulanso zina akuloza chikwama. Ndinamumasulira kuti akufuna nsapato zonse.

Nangozo anatulutsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala kaja. Zinali nsapato zakuda za aBanda, zija ankazisiya kumudzi kuti azivala kutchalitchi akabwera pa Khirisimasi. Zinali zopolishidwa mpaka kuwala. Anawerama, anapondetsa imodzi pachiguduli, kenaka inzake, mosamala, n'kuzipukuta m'mbali ndi nsonga ya chitenje chake.

"Ndinati akamatuluka m'chipatala asatuluke ndi magambuti a simenti aja," anatero osandiyang'ana.

Ndinapita kuseri kwa basi n'kulira. Nditabwerako ndinati ndi fungo la mankhwala landilowa m'maso.

Kuchokera ku Francistown msewu ndi wowongoka, wopanda choona, minga ndi ng'ombe basi. Palapye, Mahalapye, chipata china cha mankhwala, nsapato zija anazitulutsanso. Njira yonseyo milomo ya Nangozo sinapume. Sankapempheranso ndi mawu ambiri. Ankangoti, "Mungathe, Ambuye. Mungathe." Ine ndinali ndikuwerama, ndikukonza m'mutu mawu oti ndidzanene akadzafunsa chifukwa chimene sitikulowera kuchipatala.

Sanafunse. Pa renki ya mabasi ku Gaborone ndinamukweza kombi, minibasi ya kumeneko, yopita ku Block 9. Tinatsika dzuwa likulowa, n'kuyenda kamsewu kafumbi kopita kumene aBanda ankachita lendi. Tisanakhote pakona, nyimbo inatipeza, nyimbo ya kwathu, yoimbidwa mokoka ndi mawu a amayi otopa. Titakhota tinaona tenti pabwalo, mipando ya pulasitiki, azibambo atakhala chete kumpanda, ndi aneba athu Achitswana atafunda mabulangeti m'mapewa.

Nangozo anaima. Anatula chikwama pansi. Ndinamugwira mkono poopa kuti agwa, koma anali chilili.

"Linali liti?"

"Lolemba. Ndisanafike n'komwe kwanu. Pepani, Nangozo, anandiuza kuti..."

"Ndikudziwa, achemwali. Simunalakwe, ndi mmene timachitira." Anapuma. "Ndinadziwira pa Nyamapanda. Munatchula ine, munatchula ana, munatchula njira. Simunati achizeni. Mayi wa pakamwa ngati inu, mawu amodzi okhawo n'kukukanikani?"

Ineyo, amene ndinabwera kudzagwira mnzanga, ndinatsamira pa mkono wake n'kumufunsa.

"Nanga kusala konse kuja? Mapemphero onse aja, kuchokera pa Nyamapanda mpaka pano, mumapempha chiyani?"

"Inu mumadziwa, koma panalibe chimene mukanachita. Iyenso amadziwa, koma Iye ndi Mulungu. Ndiye ndimati, poti njira ndi yaitali, mwina ndisanafike asintha."

Anayang'ana tenti ija nthawi yaitali. Amayi anali atationa, nyimbo inayamba kuzilala, ena akudzuka.

"Sanasinthe," anatero.

Anatembenukira kwa ine.

"Koma ndilibe kwina kopita nazo," anatero Nangozo. "Ndikamuuzabe yemweyo." Anawerama, anatulutsa phukusi la nyuzipepala lija n'kundiika m'manja. Pansi pake panali pakadali ponyowa ndi mankhwala a pachipata. "Kawapatseni azibambo. Mawa awaveke bambo a Tiya."

Kenaka anavula nsapato zake, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kulira akuitana dzina la mwamuna wake, ndipo amayi anathamanga kuchokera mutenti kudzamugwira.